Tsiku limodzi ku Nkhotakota: mafunso amene a ku Lilongwe amafunsa

Munthu wa ku Kawale kapena ku Chinsapo akati akupita kunyanja, sitifunsanso kuti nyanja yake ya kuti. Timadziwa kuti ndi ku Senga Bay, atanyamula mbaula, sipika ndi zakumwa. Palibe cholakwa pamenepo. Koma kumpoto kwa Salima kuli tawuni yakale imene ambiri timangoidutsa pa basi popita ku Dwangwa kapena ku Nkhata Bay, nsomba n'kumagulira pawindo, osatsika. Ku Nkhotakota n'kumene mbiri ya ukapolo, ya Chisilamu, ya mishoni ndi ya ndale za ufulu wa dziko lino zinakumana pa kamtunda koti munthu n'kukayenda wapansi m'mawa umodzi.

Kodi n'zothekadi kupita ndi kubwerako tsiku lomwelo?

N'zotheka, koma kwa wolawira. Kuchokera ku Lilongwe kukafika pa boma la Nkhotakota ndi makilomita pafupifupi 200. Mumatenga msewu wa Salima, wa M14, umene umapatuka cha ku Kanengo, n'kutsetsereka kudzera pa Chezi ndi pa Mvera mpaka pa Kaphatenga. Pamenepo musalowe m'tawuni ya Salima. Khoterani kumanzere mu msewu wa M5 wa m'mbali mwa nyanja, kudutsa pa Khombedza, pa Thavite, pa Benga ndi pa mlatho wa Chia. Pa galimoto yanuyanu ndi maola atatu kapena anayi, malinga ndi mmene msewu ulili chaka chimenecho, poti M5 ndi msewu wodwaladwala. Mvula ikachuluka milatho imavutika, monga zinachitikira mu 2024 madzi atasefukira cha ku Dwangwa. Choncho miyezi yabwino ndi ya chilimwe. Nyamukani 5 koloko m'mawa kuti pofika cha m'ma 9 mukhale mutafika, ndipo 3 koloko masana ikukwanireni muli pa ulendo wobwerera. Msewu umenewu usiku umadzaza njinga zopanda magetsi, ngolo ndi anthu oyenda pansi, ndiye kuthamangitsana ndi mdima si nzeru.

Tilibe galimoto. Tikwere chiyani, ndipo tikonze ndalama zingati?

A ku Kawale, Biwi, Area 23 ndi Chinsapo muyenera kuyamba mwafika ku depoti yaikulu ya m'tawuni. A ku Area 25 ndi ku Mgona muli ndi mwayi woti msewu wa Salima umayambira pakhomo panu, ngakhale kuti minibasi zambiri zimafika pa Kanengo zitadzaza kale. Musanakwere funsani kondakitala momveka bwino ngati galimotoyo ikukafika ku Nkhotakota, chifukwa ena amavomera chilichonse kenako n'kukakugulitsani pa Salima, inu n'kukhala ola lathunthu kudikira kuti ina idzaze. Mtengo sitilemba pano. Umasintha nthawi iliyonse mafuta akakwera kapena akasowa, ndipo wa lero mawa ukhala bodza. Pitani ku depoti dzulo lake mukafunse, ndipo ndalama yobwerera muisunge payokha, osaisakaniza ndi ya nsomba.

Njira yabwino koposa ndi ya pagulu. Kwaya, amayi a Mvano kapena a Dawa, gulu la banki mkhonde, anyamata a timu ya mpira, mukasonkherana n'kuchita hayala minibasi kapena kositala, mumaima pamene mwafuna ndipo simudalira oitanira. Pogwirizana ndi mwini galimoto, nenani poyera kuti mafuta ali kwa yani, nkhomaliro ya dalaivala ili kwa yani, ndiponso kuti muzungulira m'tawuni mukafika. Mikangano yambiri ya maulendo otere imabuka pa zinthu zitatu zimenezi.

Tikafika tiyambire pati? Pa msewu paja sipaoneka chachilendo.

N'zoona. Zimene mumaona pawindo la basi, mashopu, msika ndi malo omwetsera mafuta, ndi Nkhotakota watsopano. Wakale ali kumunsi, cholowera kunyanja. Tsikani, kwerani kabaza wa njinga kapena yendani wapansi pansi pa mitengo ikuluikulu ya mango.

Yambani ndi gombe dzuwa lisanakwere, asodzi akadali pomwepo. Mudzaona mabwato atakokeredwa pamchenga, anyamata akusoka makoka atakhala pansi miyendo ili tambalale, usipa utayanikidwa pa mathandala ukunyezimira, amayi akukwecha mapoto ndi mchenga m'mphepete mwa madzi. Ponyani maso kutsogolo muone kamtunda ka mchenga ka Sungu kamene kanalowa m'nyanja n'kutchinga gombeli ku mafunde. Kamtunda kameneka ndiko kanachititsa kuti tawuniyi ikhalepo, chifukwa zombo zimafuna pokocheza pabata, ndipo m'mbali muno malo otere ndi osowa. Kukayera bwino mapiri a ku Mozambique amaoneka kutsidya. Kumeneko n'kumene amalonda a akapolo ankaolotsera anthu ogwidwa.

Kuchoka apo pitani ku mzikiti wakale wa Jumbe ndi ku manda a ma Jumbe, atsogoleri a Chiswahili amene ankayendetsa malonda a minyanga ndi akapolo pano, kenako ku mishoni ya Anglican, kumene kuli tchalitchi cha All Saints ndi chipatala cha St Anne's. Mishoniyi inayamba mu 1894. Pa tchalitchichi pali manda a Bishopu Chauncy Maples, amene anamira pa 2 Seputembala 1895 boti lawo litagubuduzika ndi mphepo cha ku Salima, akubwerera kuchokera kodzozedwa ubishopu. Sitima yakale ija yotchedwa Chauncy Maples inatenga dzina la iwowa. Ndipo mukamadutsa pa Chia kumbukirani kuti kumeneko n'kwawo kwa Leonard Kamungu, Mchewa woyamba kukhala wansembe wa Anglican, amene anadzozedwa mu 1909 n'kukamwalira ku Msoro, m'dziko la Zambia, mu 1913. Nthawi ikatsala, funsani njira ya ku Mawira, kumene madzi otentha amatumphuka pansi ndipo anthu amasamba ndi kuchapa osasonkha moto.

Nkhomaliro tikadye chiyani?

Musanyamule mpunga wa m'kontena kuchokera ku Biwi kupita nawo kwawo kwa mpunga. Faya wa ku Nkhotakota amadziwika dziko lonse, ndipo ulimi wake unakula m'nthawi ya ma Jumbe, amene ankafuna chakudya cha anthu awo ndi cha apaulendo. Mitengo ya kokonati imene muione m'midzi ya m'mbali mwa nyanja inabweranso ndi anthu omwewo. Koma chakudya cha tsiku ndi tsiku cha eni dera ndi kondowole, nsima ya ufa wa chinangwa chovuwika. Kondowole amanyunduka, sadulika ngati nsima ya mgaiwa. Nyowetsani dzanja, tsinani kambamu kakang'ono, viikani mu msuzi wa nsomba n'kumeza osalimbana ndi kutafuna. Amene amamunyoza ambiri anamudya wozizira. Ndiwo zake ndi kampango, mcheni, usipa wofutsa kapena chambo, ndipo mukachita mwayi mupeza mpasa wa mu mtsinje wa Bua.

Chotsani maganizo akuti kunyanja chambo amangotola. Chambo chinachepa m'nyanja muno ndipo mtengo wake ngakhale pagombe umaluma, makamaka wogulitsa akaona nambala ya galimoto ya mumzinda. Nenererani, koma mwaulemu. Nsomba zopita nazo kunyumba mugule pobwerera, pa Chia, ndipo muone kuti maso ake ndi owala, mnofu ndi wolimba. Kenako zimangirireni kunja pa kalirole wa galimoto monga achitira onse. Wina akakutsatsani kasawala, tiana ta chambo, kanani. Kumbukiraninso kuti mu Novembala ndi Disembala makoka ena amaletsedwa kuti nsomba ziswane, ndiye chambo chochuluka pa miyezi imeneyo chiyenera kukudabwitsani.

Ana akufuna kusambira. Za likodzo ndi ng'ona zija n'zoona?

N'zoona zonse ziwiri, koma sizili paliponse. Likodzo limachokera ku tizilombo timene timakulira mu nkhono za m'madzi odekha, a bango ndi udzu, makamaka pamene anthu ambiri amasamba ndi kuchapa. Timalowa kudzera pakhungu, ngakhale munthu asanamwe madziwo. Pa gombe la mchenga woyera lomwe mafunde amamenya, chiopsezo chimachepa, koma sichitheratu. Zizindikiro zimachedwa, zimatha masabata angapo. Mwana akayamba kukodza magazi musamvere zoti ndiye kuti akukula, amenewo ndi matenda. Pitani naye ku chipatala chapafupi, kaya ku Kawale, ku Area 25 kapena ku Bwaila, mukanene kuti anasambira kunyanja. Mankhwala ake, praziquantel, alipo ndipo amachiza.

Ng'ona ndi mvuu zimakonda pamathiriro a mitsinje ndi m'madambo ngati a Chia. Safunsa anadya phula: musanavule malaya funsani asodzi kuti iwo amasamba pati. Koma chimene chimapha alendo ambiri kunyanja si ng'ona, ndi mowa ndi mwera. Mphepo ya mwera imalimba kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndipo nyanja imene inali phee m'mawa imatha kulusa masana. Wakumwa asalowe m'madzi, ndipo boti lopanda majekete oyandamitsa musakwere, ngakhale mwini wake alumbire kuti anabadwira m'bwato.

Tingaonenso njovu tsiku lomwelo?

Musadzinamize. Nkhalango ya Nkhotakota Wildlife Reserve ndi yaikulu masikweya kilomita 1,800, ya mitengo yothithikana, ndipo njovu sizidikira alendo pachipata. Imafuna tsiku lakelake. Koma nkhani yake ikugwirizana ndi ya tawuniyi. Minyanga ya njovu ndi imene inakopa amalonda a kugombe la Indian Ocean kubwera kuno poyamba, ndipo kupha njovu sikunathe ndi ma Jumbe. Nkhalangoyi inali ndi njovu zoposa 1,500, koma pofika 2015, pamene bungwe la African Parks linayamba kuiyang'anira, zinali zisakukwana 100. Mu 2016 ndi 2017 anasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete, atazigoneka ndi mankhwala n'kuzikweza pa malole. Amene mtima wakana, bwererani kudzera msewu wa Kasungu, wa M18, umene umadutsa m'nkhalangomo. Ndi wozungulira kwambiri, ndipo kuona njovu kumeneko ndi mwayi chabe.

Ndine Mkhristu. Andilola kuona mzikiti? Ndipo Asilamu a kumeneko si Ayao?

Ambiri mwa Asilamu a ku Nkhotakota ndi Achewa. Zoti Msilamu aliyense m'Malawi ndi Myao ndi maganizo a ife amene tinazolowera za ku Mangochi ndi ku Machinga. Kuno Chisilamu chinafika ndi Aswahili a Jumbe, n'kuzika mizu pakati pa Achewa a m'mbali mwa nyanja zaka zambiri tchalitchi choyamba chisanamangidwe. N'chifukwa chake m'banja limodzi mumapezeka wina wa ku mzikiti, wina wa ku All Saints, ndipo pa maliro amakhala pamodzi.

Kuona mzikiti sikuletsedwa kwa wopempha. Pezani shehe kapena wamkulu amene ali pafupi, perekani moni, nenani kumene mwachokera ndi chimene mwadzera. Nsapato zimatsala pakhomo. Amayi avale chitenje ndi mpango kumutu, abambo asapite ndi kabudula wa kugombe. Lachisanu masana ndi nthawi ya mapemphero aakulu, si nthawi ya alendo ojambula. Kumanda nakonso musakwere pamwamba pa mitumbira kuti chithunzi chikome pa Facebook. Amene anagona pamenepo ali ndi zidzukulu zawo m'mudzi momwemo, ndipo zikukuonani.

Kodi Jumbe ameneyu anali ndani kwenikweni?

Sanali munthu mmodzi. Jumbe unali udindo, ndipo anaukhala anthu anayi motsatizana kwa zaka pafupifupi 50. Woyamba anali Salim bin Abdullah, wamalonda wa Chiswahili wochokera ku Zanzibar, amene anafika cha m'ma 1840 n'kupempha malo kwa mfumu ya Achewa, Malengachanzi. Anabwera ngati mlendo wogula minyanga, atanyamula nsalu, mikanda, mfuti ndi wonga. Mfutizo ndi zimene zinatembenuza zinthu. Inali nthawi imene Angoni ankathira nkhondo midzi ya kumtunda, ndipo anthu othawa ankathamangira kwa amene anali ndi mfuti ndi linga. Mudzi wa mlendo uja unakula mpaka kuposa wa eni nthaka, mafumu ena n'kuyamba kumugonjera.

Ma Jumbe ankakhoma zombo za matanga pagombe pomwepa. Zombozo zinkaolotsa minyanga ndi akapolo kupita kutsidya la kum'mawa, ndipo kuchokera kumeneko anthu ankayenda wapansi miyezi ingapo, atamangidwa magoli m'khosi, mpaka ku Kilwa, m'dziko limene lero ndi Tanzania. Ofooka ankasiyidwa panjira. Jumbe wachitatu, Tawakali Sudi, ndi amene anasainirana pangano ndi Harry Johnston, nthumwi ya Britain, mu 1889. Wachinayi, Mwinyi Kheiri, sanakhalitse. Azungu anamuchotsa mu 1895 n'kumutumiza ku Zanzibar, ufumuwo n'kuthera pomwepo.

Mwina munamvapo kuti Nkhotakota ndi mudzi waukulu kuposa yonse mu Africa. Mawuwa anachokera kwa azungu a nthawi ya atsamunda, amene anadabwa kuona nyumba zaudzu zambirimbiri pamalo amodzi. Lero ndi tawuni wamba, imene pa kalembera wa 2018 anthu ake sanafike 30,000.

Mtengo wa Livingstone ndi uti? Ena amaloza uwu, ena uwo.

Mitengo ya mbiri ndi ingapo, ndiye musakangane ndi wa kabaza. David Livingstone anaona gombeli koyamba mu 1861, akuyendera nyanja pa boti pamodzi ndi John Kirk. Anabweranso wapansi pa 10 Seputembala 1863, ndipo m'buku lake analemba kuti anakhala pansi pa mkuyu waukulu pafupi ndi mudzi wa amalonda achiarabu, amene anawapeza akukhoma chombo. Mkuyu wa ku mishoni, pafupi ndi chipatala cha St Anne's, ndi umene umadziwika ndi dzina lake, ndipo pali chikwangwani. Palinso wina kufupi ndi kumene kunali mudzi wa Jumbe, umene anthu amati ndi pomwe Livingstone anakambirana ndi Jumbe.

Mtengo wina ndi wa nkhani ya posachedwa. Mu Seputembala 1960 chipani cha Malawi Congress Party chinachititsa msonkhano waukulu ku Nkhotakota pa mtengo umenewu, patangopita miyezi yochepa a Kamuzu Banda atatuluka m'ndende ya Gweru. Pa msonkhanowo anaonetsa kwa anthu a Henry Masauko Chipembere, a Dunduzu Chisiza ndi a Yatuta Chisiza, amene anali atangomasulidwa kumene. Pomweponso a Banda anapatsidwa utsogoleri wa muyaya. Apa ambiri amasokoneza. Wa 1960 unali wa chipani, pamene upulezidenti wa muyaya wa dziko unabwera mu 1971. Mukaima pamenepo ganizirani kuti pasanathe zaka 8 a Dunduzu anali atafa pa ngozi ya galimoto, a Chipembere atathawa m'dziko, a Yatuta ataphedwa ku Mwanza akumenyana ndi boma la mtsogoleri yemwe uja.

Si Livingstone kodi amene anathetsa ukapolo pansi pa mkuyu umenewo?

Ayi. Ambiri tinaphunzira choncho ku pulayimale, koma zaka zikukana. Livingstone anafika mu 1863 ndi anthu ochepa, wopanda asilikali, wopanda mphamvu yolamula aliyense. Analankhula, anamulandira bwino, iye n'kupitirira ulendo wake cha ku Kasungu, chombo chija n'kumalizidwa. Anamwalira mu 1873 kwa Chitambo, ku Zambia, malonda a anthu ku Nkhotakota ali pachimake. Chaka chomwecho Sultan Barghash anatseka msika wa akapolo wa ku Zanzibar atakakamizidwa ndi a Britain kudzera mwa John Kirk yemwe uja, koma kuno kumtunda zombo zinapitirira kuoloka mozemba kwa zaka zina 20.

Chimene Livingstone anachita, ndipo si chaching'ono, ndi kulemba zimene anaona mpaka anthu a ku Britain anagwidwa nazo mtima. Zolemba zakezo ndi zimene zinabweretsa amishoni. Koma malondawo anatha ndi mapangano ndi mizinga ya m'ma 1890, dziko litakhala pansi pa Britain mu 1891. Ndipo Johnston sanali mngelo. Pamene ankasainirana ndi Jumbe mu 1889, chimene chinkamuthamangitsa chinali kuwapita patsogolo Apwitikizi ndi Ajeremani. Jumbeyo anamusandutsa bwenzi, n'kumamulipira ndalama chaka ndi chaka, uku akuthira nkhondo ena ochita malonda omwewo, monga Makanjira ndi Mlozi wa ku Karonga amene anapachikidwa mu Disembala 1895. Amene anatseka njira ya ku Kilwa ndi omwewo amene anabweretsa msonkho wa nyumba ndi thangata.

Amati akapolo 20,000 ankadutsa pano chaka chilichonse. Nambalayi ndi yoona?

Muimva kwa okulondolerani ndipo muiwerenga m'timabuku ta alendo, koma muitenge mosamala. Ma Jumbe sanasiye kaundula wa anthu amene anawaolotsa. Nambala yodziwika ya nthawi imeneyo ndi imene Livingstone anamva kwa kazembe wa Britain ku Zanzibar, Colonel Rigby, yoti akapolo 19,000 ochokera m'dera la nyanja ino ankadutsa pa ofesi ya msonkho ya ku Zanzibar pachaka. Koma imeneyo inali ya dera lonse, kuphatikizapo njira za kumwera kwa Mponda ndi kwa Makanjira, osati doko limodzi. Nkhotakota linali limodzi mwa madoko aakulu koposa, zimenezo n'zosakayikitsa. Ndipo nambala ya ku Zanzibar imawerenga ofika okha. Siwerenga amene anaphedwa pogwidwa, amene anafera m'zombo, amene anagwa panjira ya ku Kilwa, ndi ana amene anafa ndi njala m'midzi yotenthedwa. Livingstone mwiniwake ankakhulupirira kuti ofera m'njira ankachuluka kuposa ofika.

Nanga makolo athu anali kuti pamene zonsezi zinkachitika?

Ili ndi funso limene ambiri amalizemba, ndipo ulendo wa ku Nkhotakota umakhala wopanda phindu ngati nanunso mulizemba. Aswahili anali ochepa. Sakanatha kugwira anthu masauzande okha. Ankagula. Ogulitsa anali Ayao a mfuti, Angoni obwera ndi mikoli ya kunkhondo, komanso mafumu ena a Achewa. Mwase wa ku Kasungu anachita ubale ndi Jumbe n'kupeza mfuti zimene anadzitetezera nazo kwa Angoni, ndipo njira ya malonda yochokera ku Luangwa inkadutsa kwa iye. M'midzi, wogulitsidwa nthawi zambiri anali munthu wopanda womuimira: wamasiye, woganiziridwa ufiti, woperekedwa ngati dipo la mlandu wa malume ake, kapena mwana wosinthanitsidwa ndi chakudya m'chaka cha njala. Ena ankachita zimenezi ndi dyera la nsalu, ena chifukwa mudzi wopanda mfuti unkagwidwa wonse. Panalinso amene anakana, amene anabisa anzawo, ndi amene anathawira kumapiri ndi m'mabango.

Choncho makolo athu anali mbali zonse: ogwidwa, ogwira ndi ongoyang'ana. Kuuza ana kuti Aluya oipa anabwera, kenako mzungu wabwino anatipulumutsa, n'kuwaphunzitsa kuti ife m'mbiri yathu yomwe tinali katundu basi. Koma nkhaniyi imafuna pakamwa posamala. Si onse ogwidwa amene anaoloka nyanja. Ambiri anatsala konkuno, kulima mpunga wa Jumbe, kukwatiwa, kubereka. Zidzukulu za ogula ndi za ogulidwa lero ndi pachibale. Musafike pamudzi n'kufunsa agogo kuti, "Kodi inu ndinu a mbumba ya akapolo?" Funsani kuti, "Agogo, makolo anu ankasimba zotani za nthawi ya Jumbe?" kenako khalani chete mumve.

Anzathu a geni opita ku China amasimba za mizinda yakale ya m'mbali mwa nyanja yosamalidwa bwino. Kwathu kuno n'kuonako chiyani poyerekeza?

Amene amakaoda katundu ku Yiwu amakhala pafupi ndi Hangzhou, ulendo wosakwana ola pa sitima yothamanga. Mzinda wa Hangzhou unali likulu la mafumu a Southern Song zaka 800 zapitazo, ndipo uli ndi nyanja yotchedwa West Lake. Nyanjayo ndi ya masikweya kilomita 6 ndi pang'ono, pamene yathu ndi pafupifupi 29,600. Kwathu kuno tikanaitcha dziwe. Koma eni ake anaisamala. Njira yodutsa pakati pa madzi imene anamangitsa mlakatuli Su Shi cha m'ma 1090, ali bwanamkubwa, anthu akuyendapobe. Nsanja ya Leifeng inagwa mu 1924, iwo n'kuimanganso mu 2002. Kuyambira chaka chomwecho anayamba kuchotsa mipanda ndi ndalama zolowera m'mbali mwa nyanjayo, atawerengera kuti mlendo wolowa ulere amakhalitsa ndipo ndalama amaisiya ku malo ogona, odyera ndi m'mashopu. Mu 2011 bungwe la UNESCO linaika West Lake pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse.

Mu 2011 momwemo Malawi anapereka ku UNESCO njira za akapolo ndi za Livingstone, Nkhotakota ali momwemo, pa mndandanda wa malo oyembekezera. Kuyembekezerako kukupitirira. Ndiye wopita ku Nkhotakota asayembekezere nsanja kapena nyumba zachifumu. Apeza mitengo, manda, makoma okalamba ndi zikwangwani zofufutika, zina mwa izo m'Chingerezi chokha ngati kuti mbiriyi ndi ya azungu. Ine sindikhumba kuti timange linga labodza la simenti kuti alendo azijambulitsa. Zofunika ndi zazing'ono ndipo sizifuna ngongole ya kunja: zikwangwani za m'Chichewa, zimbudzi zaukhondo, kutchinga mizu ya mikuyu ija kuti isamapondedwe, ndi achinyamata a komweko ophunzitsidwa kufotokoza mbiri molondola. Zimenezi khonsolo ya boma ndi nthambi yoona za malo a mbiri angathe. Koma nawonso amayang'ana kumene anthu akupita, ndipo ife tonse tikathera ku Senga Bay palibe chowakakamiza.

Tikufunika wotilondolera, kapena tingoyenda tokha?

Pezani munthu wa komweko. Malo ambiri alibe chizindikiro, ndipo manda a Jumbe mutha kuwadutsa osadziwa. Funsani ku mishoni, ku mzikiti kapena kwa a kabaza achikulire, osati kwa aliyense wokuthamangirani pa siteji. Gwirizanani mtengo musananyamuke, ndipo mulipireni mokwanira, pakuti ambiri timapereka ndalama zambiri pa kreti ya zakumwa koma timaumira kwa munthu amene watiyendetsa maola atatu padzuwa. Akakuuzani kuti Livingstone anathetsa ukapolo pansi pa mtengo, musamuchititse manyazi pagulu, mufunseni za Tawakali Sudi ndi 1889 muone pamene nkhani ipite. Aphunzitsi a m'masukulu a ku Kawale, Biwi, Chinsapo, Area 23, Area 25 ndi Mgona, ulendo wa ana wa chaka chino usathere ku bwalo la ndege ndi ku Nyumba ya Malamulo. Kambiranani ndi makolo, sonkhani ya mafuta, mupite nawo ku Nkhotakota mvula isanayambe.